Wofuna Ntchito Agogode Khomo Liti?

Kukamacha, pamageti a makampani a ku Kanengo mumzinda wa Lilongwe, kapena ku Makata ndi ku Chirimba mumzinda wa Blantyre, pamakhala pataima kale anthu. Ena agwira envelopu ya khaki yomwe yafewa ndi thukuta la m'manja, ena abwera chimanjamanja, akungoyembekeza kuti mwina kapitawo atuluka n'kuloza anthu asanu oti akatsitse matumba mulole. Pageti pamakhala chikwangwani chonena kuti ntchito palibe, koma anthuwo sachoka. Amadziwa kuti chikwangwanicho chimakhalapo chaka chonse, ngakhale sabata yomwe kampani yalemba anthu khumi. Khumiwo amakhala atalowera kwina: uyu ndi mphwake wa dalaivala, uyo amapemphera mpingo umodzi ndi mkulu woyang'anira katundu, winayo anamva kwa mlamu wake ntchitoyo isanalengezedwe n'komwe.

Tisanamizane, muzu wa ulova m'dziko muno ndi woti ntchito zolembedwa n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi anthu ozifuna, ndipo palibe ofesi yomwe ingathetse zimenezi pongolemba mayina m'kaundula. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinalipo anthu oposa 17.5 miliyoni, theka la anthuwo asanakwanitse zaka 18. Kafukufuku wa zantchito yemwe ofesi ya National Statistical Office inachita mu 2013 anaonetsa kuti mwa anthu 100 alionse ogwira ntchito, 89 anali pantchito zopanda mgwirizano wolembedwa kapena chitetezo chilichonse, ndipo 64 anali kumunda. Koma pambali pa kuchepa kwa ntchito pali vuto lachiwiri, lomwe boma ndi anthu m'madera angathe kulichepetsa popanda kudikira mafakitale atsopano. Vutolo ndi kusadziwana. Wolemba ntchito sakudziwa woti amukhulupirire, wofuna ntchito sakudziwa ngati malo olengezedwawo alipodi, ndipo pakati pa awiriwa palibe mboni.

Khomo loyamba lomwe munthu angaganizire ndi la boma. Unduna wa zantchito uli ndi maofesi m'maboma, ndipo imodzi mwa ntchito zawo ndi kulemba mayina a ofuna ntchito n'kuwalumikiza ndi mabwana omwe akusowa antchito. Koma tamverani momwe anthu amatchulira ofesiyi. Sumva munthu akunena kuti akupita ku Leba kukasaka ntchito. Umamva akunena kuti, "Akapanda kundipatsa ndalama zanga ndikawasumira ku Leba." M'maganizo mwa Amalawi ofesiyi ndi bwalo la madandaulo, komwe mlonda wochotsedwa popanda chidziwitso kapena mayi wantchito zapakhomo yemwe sanalandire miyezi itatu amakakhala pabenchi kudikira kuti abwana aitanidwe. Ntchito imeneyi ndi yofunika ndipo sindikuichepetsa. Lamulo la Labour Relations Act la 1996, lomwe linakhazikitsa khoti la milandu ya zantchito, ndi la Employment Act la 2000 zinapatsa wantchito wamba pogwira, ndipo kawirikawiri mlandu umayambira kwa mkulu wa ku Leba usanafike kukhoti. Kungoti ofesi yomwe anthu amaidziwa pa tsiku lochotsedwa ntchito sakuidziwa pa tsiku lofuna ntchito.

Chifukwa chake chimaoneka bwino tikayang'ana komwe maofesi otere anayambira. Ku Britain nyumba ya malamulo inavomereza mu 1909 kuti boma litsegule malo okumaniranapo ofuna ntchito ndi olemba ntchito. Mwini maganizowo anali William Beveridge, yemwe anaona momwe anthu ankaunjikanira pamageti a madoko a ku London m'mawa uliwonse, monga momwe amaunjikanira ku Kanengo lero. Patangotha zaka ziwiri, mu 1911, kunabwera inshuwalansi ya ulova, ndipo ndalama zake zinkalandiridwa m'maofesi omwewo. Apa ndi pomwe panali mphamvu. Munthu wotha ntchito ankapita yekha kukalembetsa chifukwa kumeneko n'komwe kunali kangachepe koti adyere, ndiye kaundula ankadzaza, ndipo mabwana ataona kuti anthu aluso ali m'kaundulamo anayamba kutumiza malo awo opanda munthu. Ku South Africa, komwe abale athu ambiri ali, thumba la UIF limayenda chimodzimodzi: wantchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro ake, bwana amaonjezerapo 1 peresenti, ndipo ntchito ikatha munthu amakalembetsa ku ofesi ya zantchito kuti alandire. Kwathu kuno inshuwalansi ya ulova kulibe. Wofuna ntchito alibe chomukokera ku Leba, choncho kaundula amakhala wowonda. Bwana akaona kaundula wowonda satumizako malo. Malo akasowa, ngakhale yemwe analembetsa chaka chatha sabwererakonso. Chingwe chimenechi chimangodzimanga chokha.

Chodabwitsa n'choti dziko lino linakhalapo ndi dongosolo lolimba lolembera anthu ntchito, kungoti linali lotumiza anthu kunja. Agogo athu ankadziwa bwino msasa wa Wenela, bungwe lomwe linkatenga amuna kupita nawo kumigodi ya golide ku Joni, ndi wa Mthandizi, womwe unkatenga anthu kupita kumafamu ndi kumigodi ya ku Southern Rhodesia. Dzina la Wenela lidakalipo mpaka lero padepoti ya mabasi mumzinda wa Blantyre. Kumsasako munthu ankayezedwa m'thupi, kupimidwa sikelo, kudinda chala papepala, kupatsidwa nambala, kenaka kukwezedwa galimoto, sitima kapena ndege. Gawo la malipiro ake linkasungidwa kuti adzalandire akabwerera kumudzi, ndipo ndalama zimenezo n'zomwe zinagula njinga, makina osokera ndi malata oyamba m'midzi yambiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha anthu oposa 70, pafupifupi onse Amalawi obwerera kwawo, ndipo Dr. Kamuzu Banda anaimitsa kulembako. Kunayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, lomwe m'kamwa mwathu linasanduka Theba, n'kudzatheratu mu 1988 pa mkangano wokhudza kuyeza anthu kachilombo ka HIV.

Sindikulakalaka masiku amenewo. Anthu ankagona m'makomboni mothithikana, kutali ndi akazi awo ndi ana awo, pansi pa ulamuliro wa tsankho, ndipo ambiri anabwerera ndi mapapo owonongeka ndi fumbi la m'migodi. Akuluakulu ena omwe anagwira Theba akhala zaka zambiri akulondola ndalama zawo mpaka ena kumwalira asanazione. Chomwe ndikufuna kuti tione n'chakuti pamene migodi inkafuna anthu athu, panapezeka njira yofikira mnyamata wa m'mudzi wakutali kwambiri, kumulemba m'kaundula ndi kusunga mbiri ya ntchito yake chaka ndi chaka. Nzeru yochitira zimenezi sinasowepo. Chomwe sichinachitike ndi kuitembenuza kuti itumikire wofuna ntchito m'dziko lake lomwe.

Lero ulendo wakunja ulipobe, koma wagwera m'manja mwa maajenti. Mu Novembala 2023 achinyamata 221 ananyamuka pa ndege kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, nkhondo ya ku Gaza itangoyamba kumene, ndipo anthu ambiri anamva za ulendowo ndege itatsala pang'ono kunyamuka. Chaka chotsatira wailesi ya BBC inaulutsa nkhani ya amayi achimalawi omwe analonjezedwa ntchito zabwino ku Oman n'kukapezeka ali m'nyumba za anthu, mapasipoti atalandidwa, akugwira ntchito usana ndi usiku, ena akumenyedwa ndi kugwiriridwa. Chomwe chinawathandiza kuti adziwike sichinali ofesi, linali gulu la pa WhatsApp lomwe anayambitsa Mmalawi mnzawo wokhala kunja. Tili nalo lamulo loletsa kugulitsa anthu, la 2015, koma lamulo limagwira wolakwa zinthu zitaipa kale. Mtsikana wa ku Mangochi kapena ku Nkhotakota yemwe wauzidwa kuti alipire ndalama ya pasipoti ndi tikiti akufunika malo oti apite lero n'kufunsa kuti, "Kodi ajenti uyu ndi wovomerezeka? Kodi mgwirizanowu ukuti chiyani?" Ngati ofesi ya ku Leba ingachite chinthu chimodzi chokha bwino, ndingasankhe chimenechi.

Boma palokha ndi bwana wamkulu kuposa onse m'dziko muno, ndipo momwe limalembera anthu zimaphunzitsa ena. Mu 2020 unduna wa zaumoyo utaitana anthu kuti angobwera okha kudzayesedwa pa ntchito za alangizi a zaumoyo, kunakhamukira anthu zikwizikwi, ndipo ku Mzuzu ambiri anavulala popondana pageti. Kukanakhala kaundula wodalirika paboma lililonse, wosonyeza yemwe ali ndi MSCE ndi komwe amakhala, anthu akanaitanidwa pang'onopang'ono kufupi ndi kwawo, osagulitsa nkhuku kuti apeze thiransipoti yokaponderezedwa. Ndondomeko yotenga omaliza maphunziro a ukachenjede kuti akaphunzire ntchito m'maofesi a boma, yomwe inayamba mu 2018, inayankha dandaulo lenileni, loti paliponse amafuna munthu wodziwa kale ntchito pomwe palibe wokupatsa poyambira. Ambiri apindula nayo. Koma ofesi ikazolowera kuyendetsedwa ndi ophunzira ntchito olandira kangachepe, changu cholemba munthu wokhazikika chimazilala, ndipo wachinyamata amatuluka chaka chikatha n'kubwerera pomwe anali, atangoonjezera mzere umodzi pa CV.

Kumbali ya luso zinthu zili ndi maziko ooneka. Bungwe la TEVETA linakhazikitsidwa mu 1999, ndipo olemba ntchito amapereka 1 peresenti ya ndalama zomwe amalipira antchito awo kuti zithandize maphunziro a ntchito zamanja. Makoleji akale a Soche, Nasawa, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia atulutsa amisiri omwe amanga dziko lino, ndipo kuyambira 2015 boma linayamba kutsegula makoleji ang'onoang'ono m'madera kuti mwana wa kumudzi asamachite kupita kutali. Mipingo ndi mabungwe nawo agwirapo ntchito, monga Don Bosco ku Lilongwe ndi DAPP ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo ndi zoona kuti wodziwa kuwotcherera zitsulo kapena kuika magetsi m'nyumba sagona ndi njala kawirikawiri. Koma malo m'makolejiwa ndiwo ochepa. Pa wachinyamata mmodzi yemwe walowa koleji pali ambirimbiri omwe akuphunzira ntchito yomweyo pansi pa mtengo wa mango, pagalaja ya amalume awo kapena pashedi ya kalipentala wa pamsika, ndipo awa ndi omwe ndibwererenso kwa iwo.

Za ngongole sindichedwapo. Thumba la boma la ngongole latchedwapo MARDEF, YEDF, MEDF, kenaka NEEF mu 2020: dzina lasintha kangapo, cholinga n'chomwecho, kupereka mpamba kuti munthu adzilembe yekha ntchito, ndipo dandaulo nalo lakhala lomwelo, loti ngongole zikasakanikirana ndi ndale sizibwezedwa ndipo thumba limaphwa. Si lova aliyense ali ndi mtima wa geni, ndipo kumupatsa ngongole munthu yemwe akungofuna malipiro a pamwezi ndi kumusenzetsa katundu wina. Ntchito zachitukuko zolipidwa, zomwe anthu anazidziwa ndi dzina la MASAF kuyambira m'zaka za m'ma 1990, zimathandiza banja kudutsa miyezi ya njala pokonza msewu kapena kubzala mitengo, koma masiku ake akatha munthu amabwerera ku ganyu.

Ndiye anthu amapeza bwanji ntchito? Amapeza kudzera mwa anthu. Ofesi yeniyeni ya zantchito m'dziko muno ili pa zolengeza za kutchalitchi Lamlungu, pakhonde la mzikiti Lachisanu, pamaliro, pamsonkhano wa banki m'khonde, m'magulu a anthu ochokera boma limodzi omwe amakumana m'tauni, ndi m'magulu a pa WhatsApp a omwe anaphunzira sekondale imodzi. Mayi akafuna wolera mwana salengeza m'nyuzipepala, amafunsa mnzake wa kumvano. Kontilakita akafuna omanga asanu amauza mmisiri mmodzi yemwe amamukhulupirira kuti abwere ndi anzake. Mnyamata wopita ku Joni amafikira kwa wakwawo, yemwe amamugoneka pansi, kumubwereka foni ndi kumutengera kwa bwana wake. Katswiri wina wa ku America, Mark Granovetter, atafunsa anthu a m'tauni ya Newton momwe anapezera ntchito zawo, analemba mu 1973 kuti uthenga wothandiza umachokera kawirikawiri kwa anthu omwe timangodziwana nawo patalipatali kusiyana ndi abale apamtima, chifukwa apamtimawo amamva zomwe ifenso tamva kale. N'chifukwa chake kwaya, timu ya mpira ndi komiti ya pachitsime zili ndi phindu loposa lomwe timaliona: zimakumanitsa munthu ndi anthu a kunja kwa mpanda wake.

Njira imeneyi imagwira ntchito pa chifukwa chimodzi, choti wokutchulayo amaika dzina lake pachikole. Akanena kuti, "Mwana uyu ndikumudziwa, saba," ndiye kuti ukaba, manyazi ndi ake. Umenewu ndi umboni womwe satifiketi payokha sipereka. Koma ubwino wakewo ndi womwenso uli chilema chake. Mwana wamasiye wochokera ku Nsanje, wofika m'tauni wopanda malume pakampani iliyonse, amakhala kunja kwa mpanda ngakhale atakhoza bwanji. Munthu wolumala, yemwe anthu amamuweruza asanamuone akugwira ntchito, sapeza womutchula. Ndipo pomwe pali khomo lopapatiza pamabadwa wokhometsa msonkho pakhomopo: kapitawo wofuna ya fanta, dobadoba wolonjeza kuti dzina lako lilowa pamndandanda, bwana wouza mtsikana kuti akakumane kumalo ogona alendo kuti akambirane bwino. Zimenezi zimandipweteka kwambiri chifukwa wozunzidwayo sangadandaule. Sanalembedwe ntchito, ndiye alibe bwana woti akamusumire, ndipo akuopa kuti akalankhula khomo lotsatira litsekekanso.

Foni yabweretsa mpumulo ndi msampha nthawi imodzi. Kale munthu ankayenda mtunda kupita ku laibulale ya National Library Service kapena kukaima pabolodi la kwa DC kuti aone masamba a ntchito a The Nation ndi The Daily Times, ndipo ambiri akuchitabe zimenezo chifukwa nyuzipepala ndi yodula. Lero chithunzi cha tsamba lomwelo chimazungulira m'mafoni dzuwa lisanakwere. Koma pamodzi nacho pamayendanso zolengeza zabodza zokhala ndi chizindikiro cha bungwe lodziwika, zomwe zimathera pa mawu oti tumizani ndalama yolembetsera pa nambala iyi. Mwana wa mchemwali wanga anatumizapo ndalama yotere, yomwe mayi ake anakongola ku banki m'khonde, ndipo tsiku la intavyu nambalayo inali itazimitsidwa. Atandifotokozera, chomwe chinkamuwawa kwambiri sichinali ndalamayo, koma kuti analibe poti akanafunsa. Bwana weniweni salipiritsa munthu kuti amuyese, koma mwana wa zaka 20 yemwe wakhala pakhomo zaka ziwiri sakhala ndi mtima wokayikira uthenga wabwino woyamba womwe wamufika.

Kusaka ntchito kumadya ndalama, ndipo izi anthu omwe ali pantchito amaiwala msanga. Kujambulitsa masatifiketi, kudinditsa, bandulo ya intaneti, minibasi yopita ndi yobwerera, sopo wochapira malaya amodzi omwewo. Ofufuza ena ku Addis Ababa m'dziko la Ethiopia anayesa njira ziwiri pa achinyamata osaka ntchito. Gulu lina analipatsa ndalama ya thiransipoti yopitira pakati pa mzinda pomwe pamamatidwa zolengeza. Gulu lina analiphunzitsa kulemba kalata ndi kuyankha mafunso, n'kuliyesa mayeso ndi kulipatsa pepala losonyeza zomwe aliyense amatha. Njira zonse ziwiri zinathandiza poyamba, koma patapita zaka zinayi phindu la thiransipoti linali litazimirira pomwe a pepala aja ankalandirabe ndalama zochulukirapo, makamaka omwe sanapite patali ndi sukulu. Ku South Africa ofufuza ena, pogwira ntchito ndi maofesi a boma a zantchito, anapeza kuti kalata yachidule yochokera kwa bwana wakale inkachulukitsa mwayi woitanidwa, ndipo amayi ndiwo anapindula kwambiri. Palibe mwa njirazi yomwe inapanga ntchito zatsopano zambiri. Zinangothandiza kuti munthu waluso wopanda womudziwa aoneke.

Chida chotere tili nacho kale m'malamulo athu, kungoti chagona. Lamulo la 2000 lija limati ntchito ikatha, wantchito akapempha, bwana ayenera kumupatsa kalata yosonyeza kuti wagwira nthawi yaitali bwanji ndiponso ntchito yanji. Ndi alonda angati, antchito zapakhomo angati, ogulitsa m'sitolo angati omwe amadziwa zimenezi? Mayi amalera ana a banja limodzi zaka zisanu ndi zitatu, banjalo likasamuka iye amatsala ndi chitenje cha mphatso, wopanda pepala lililonse, ndipo pakhomo lotsatira amayambiranso ngati sanagwirepo mwana. Mkulu wa ku Leba akamaweruza dandaulo la malipiro, bwana ali pomwepo, angathe kuonetsetsa kuti kalatayo yalembedwa asanabalalike. Mipingo ndi mizikiti, yomwe imalemba kale makalata osamutsira mamembala ndi otsimikizira maukwati, ingathe kusunga fomu yosavuta ya tsamba limodzi yoti bwana aliyense adzaze. Popeza kuyambira 2017 pafupifupi wamkulu aliyense ali ndi chiphaso cha unzika, kulumikiza kalata ndi mwini wake sikulinso kovuta monga kale.

Tibwerere kwa mmodzi mwa achinyamata a pagalaja aja. Wakhala zaka zisanu ndi chimodzi pansi pa magalimoto ku Ndirande kapena ku Biwi, amamva vuto la injini ndi khutu galimoto isanaime, ndipo madalaivala a minibasi amamufuna iyeyo osati mwini galaja. Kampani yonyamula katundu ikalengeza kuti ikufuna makaniko, iye saponya n'komwe kalata, chifukwa mzere woyamba ukufunsa pepala lomwe alibe. Mayeso a Trade Test, oyambira giredi 3 kukafika giredi 1, anapangidwira anthu ngati iyeyu, oti aonetse ndi manja zomwe amadziwa ngakhale sanakhale m'kalasi. Chomwe chimamulepheretsa ndi ndalama yolembetsera, ulendo wopita komwe kuli mayeso, masiku omwe ataye osapeza kanthu, ndiponso kusadziwa tsiku lomwe kulembetsa kumatsekedwa. Woyesa mmodzi atanyamula mafomu ake n'kukhala sabata imodzi pamsika wa Ndirande, amakaniko, owotcherera ndi akalipentala a pamenepo angayesedwe pa zipangizo zawo zomwe, injini ili pomwepo yotsegula, ndipo madzulo ake aliyense n'kubwerera kwa makasitomala ake.